Timabowo ta Pamphuno pa Magadalena

Magadalena anaima kuseri kwa khitchini, kagalasi kosweka kali m'manja. Kunkazizira. Nkhungu inali isanachoke m'mapiri a ku Lobi. Anayandikitsa kagalasiko. Timabowo tija tinali pompo, pamphuno ndi m'masaya, ngati khungu la lalanje.

Milungu iwiri m'mbuyomo sankadziwa n'komwe kuti ali nato. Ankadziwa chimodzi: achimwene ake a Vinsenti, ocheka matabwa kuphiri la Dedza, akumanga ukwati kutchalitchi, ndipo iye ndiye adzatsogolere mzere wa atsikana operekeza akwati. Diresi linali litasokedwa kale. Masitepe ankawadziwa kuposa onse.

Kenaka kunabwera Nomsa, msuweni wake wa ku Lilongwe, nayenso woperekeza. Tsiku loyamba lomwelo anamugwira chibwano n'kumutembenuzira kudzuwa.

"Iwe, iyi ndi nkhope kapena sefa? Wojambula akadzayandikira tidzabisala kuti?"

Atsikana anaseka. Magadalena anaseka nawo. Koma dzina linakakamira. Kusukulu, kuchitsime, ponseponse: Sefa.

Nomsa anali ndi kabotolo ka mankhwala oyera ngati madzi. Ankati ndi tona. Umadonthezera pathonje n'kupukuta nkhope, ndipo pakatha mwezi timabowo timatsekeka, anatero. Kumugawirako anakana, ati watsala pang'ono. Anangomulola kununkhiza. Fungolo Magadalena analizindikira msanga. Ankalimva tsiku lililonse podutsa kuseri kwa nyumba ya amake Levison, amene amatcheza kachasu. Atafunsa, Nomsa anavomera kuti inde, muli kamowa pang'ono.

Magadalena anawerengera yekha. Ukwati unali utatsala masiku khumi. Ngati kamowa pang'ono kamatseka timabowo pa mwezi, nanga kachasu weniweni? Nanga uja woyamba kudontha, amene amati mutu?

Kwa amake Levison ananama kuti mbuzi ili ndi bala. Anamuthirira m'kabotolo osafunsa zambiri.

Atapaka koyamba misozi inatuluka yokha. Nkhope inatentha ngati wagwera pambaula. Anadziuza kuti mankhwala osawawa sachiza. Khungu linauma gwa, n'kukokana. Iye anasangalala, poganiza kuti akutsekeka. Anayamba kupaka katatu pa tsiku. Anawonjezera ndimu. Mphepo ya mu Juni nayo inkapala masaya ake popita kusukulu. Amayi ake atafunsa za kufiirako, anati ndi chisanu.

Lachisanu masana operekeza anakumana pabwalo la tchalitchi kuyeserera. A Marita, mayi wa bungwe la amayi amene ankawaphunzitsa masitepe, anabwera kudzamuwongola mapewa. Anaima. Ananunkhiza. Anatseka nyimbo.

"Mwana iwe, wamwa chiyani?"

Atsikana onse anatembenuka. Nomsa anali kumbuyo kwake kwenikweni. Magadalena anatsegula pakamwa. Anene chiyani? Kuti dzina lija linamupweteka? Kuti Sefa wakhala akusamba kachasu? Anaona kuseka kumene kunkamudikira. Anayang'ana pansi.

A Marita anafunsanso kawiri. Kenaka ananena motsitsa mawu kuti mtsikana wonunkha kachasu sangatsogolere akwati kuguwa. Anamuuza apite kunyumba. Nomsa anasendera kutsogolo. Nyimbo inayambanso iye asanatuluke pabwalo.

Nkhani inafika kunyumba iye asanafike. Anapeza amayi ake atakhala pakhonde, nyemba zili palichero, osasankha. Sanamukalipire. Bola akanamukalipira. Kachasu ndiye anatenga bambo ake zaka zinayi zapitazo.

"Ndinaika mmodzi m'manda," anatero amayiwo. "Tsopano ndiyambenso ndi iwe?"

Apo Magadalena analowa m'nyumba n'kutulutsa kabotolo, thonje ndi kagalasi. Anafotokoza zonse. Amayi ake anamugwira nkhope ndi manja awiri n'kuiyang'anitsitsa. Anati iwo sakuona bowo lililonse. Akuona khungu lopsa basi.

M'mawa mwake nkhope inali itatupa. Masaya anang'ambika. Pamphuno pankatuluka madzi.

Kuchipatala anamwino anamvetsera mpaka kumapeto, osaseka. Anati timabowoto aliyense ali nato, ndimo mumatulukira mafuta a pakhungu. Si zitseko, sititseguka ndipo sititsekeka. Ena tawo timaoneka kwambiri, makamaka achinyamata, ndiponso zimayendera mtundu. Magadalena anafunsa ngati tona weniweni akanathandiza. Anamwinowo anati amachotsako mafuta, timabowo n'kuoneka tochepa kwa kanthawi, basi. Wa mowa wambiri amangoumitsa khungu. Sopo wofatsa ndi madzi, kawiri pa tsiku, zinali zokwanira. Anamupatsa mankhwala opaka. Anamuletsa dzuwa, fumbi ndi paudala kwa milungu itatu.

"Ukwati uli Loweruka likubwerali," anatero Magadalena.

"Osati ndi nkhope iyi, mwanawe," anayankha anamwinowo.

Amayi ake anapitabe kwa a Marita kukayeretsa dzina la mwana wawo. A Marita anapepesa kwambiri. Anati akanangonena pomwe paja. Koma ena m'mudzi anali atamva kale nkhani yoyamba, ndipo yachiwiri sinayende msanga ngati inzake. Diresi analipinda kwa telala n'kupatsa mtsikana wina wamfupi.

A Vinsenti anatsika kuphiri Lachinayi, utuchi uli m'tsitsi. Anamupeza mlongo wawo m'nyumba, atafunda chitenje kumutu. Anakhala pansi pafupi naye.

"Mlongo, ine ndinakusankha chifukwa cha miyendo yako," anatero. "Za mphunozi ndikuzimva lero."

Tsiku la ukwati Magadalena anakhala kuseri, pamthunzi, akusenda mbatata ya kachewere ndi amayi ophika. Nyimbo ankaimva bwinobwino. Miyendo yake inkaponda yokha pansi pa beseni. Pamalo potembenuka anamva anthu akuseka pang'ono, ndipo anadziwa kuti wotsogolera wachedwa sitepe.

Dzuwa litapendeka Nomsa anabwera kuseriko kufuna madzi akumwa. Thukuta linali litakokolola paudala yense. Anawerama kuti alandire kapu. Magadalena anamuyang'ana pafupi. Pamphuno pa Nomsa panali timabowo. Tambiri. Tofanana ndi take.

Anangomupatsa madziwo.

Patatha sabata a Vinsenti anabwera ndi chithunzi, chachikulu, cha banja lonse ndi operekeza pamasitepe a tchalitchi. Wojambula anali ataima patali kuti onse akwane. Nkhope zinali zazing'ono ngati nyemba. Magadalena anapita nacho pakhomo pomwe pali kuwala. Anachiyandikitsa kumaso monga ankachitira ndi kagalasi kaja. Anayang'ana mtsikana aliyense, mmodzimmodzi. Sanaone bowo ngakhale limodzi.

Anaona diresi lake lokha, lili ndi mwini wina.

Amayi ake anachipachika pakhoma, pamwamba pa tebulo, pomwe aliyense wolowa amayamba kuyang'ana.