Chimbale cha Isake ndi Maliro a Mkamwini

Kulira kunayamba Lolemba mdima utangogwira, a Elifala Kachigamba ali gone pamphasa ndi chifuwa chawo cha masabata atatu. Kunkachokera kuseri kwa nyumba, cha kumunsi kumene kuli chigafa chakale cha fodya. Sikunali kulira kwa mwana, sikunalinso kwa mkazi. Kunkayambira pansipansi ngati ng'ombe yodwala, n'kukwera pang'onopang'ono mpaka kukathyokera m'mwamba, ndipo pansi pake china chake chinkagunda, du, du, du, ngati munthu akusinja m'dzenje. Agalu a mudzi wonse analandira.

A Elifala anali mkamwini pamudzipo, m'mapiri a Dowa, kwa zaka makumi anayi ndi zitatu. Nyumba ya njerwa zootcha anamanga okha, mango anabzala okha, koma chimwalirireni akazi awo, abale a malemuwo ankawayang'ana ngati mlendo wochedwa kutsanzika. Ndi mmene alili anthu. Ukamawaumbira njerwa ndiwe mlamu, ukayamba kutsokomola ndiwe wobwera.

Posakhalitsa anamva mapazi pabwalo. Amayi anafika atafunda zitenje, ena akusisima kale, abambo n'kukhala pansi pa mango. Kuno ukamva kulira sufunsa, umangopita.

"Atisiya nthawi yanji?" ananong'ona mayi wina pakhonde.

"Kaya. Koma apumule. Ndi kuuma manja kwawo komwe kuja."

A Elifala anatsokomola ndi mphamvu zonse. "Ndikukumvani, afisi inu! Ndili moyo!"

Amayi awiri anathawa n'kusiya masilipasi pakhomo.

Lachiwiri kulira kunabweranso, anthu n'kubweranso, tsopano ndi a midzi ina. Anakhala chete mumdima, palibe wosonkha moto, akumvetsera mawu aja akukwera n'kutsika. Ena ankati ndi malemu akuitana amuna awo. Ena ankati ndi mizimu ya kwawo ku Ntchisi ikufuna munthu wake. Wopita kukasuzumira m'chigafa panalibe, poti kanjira kake kamalambalala msitu wa kumanda.

Lachinayi m'mawa kunabwera a Veronika, mng'ono wa malemu, n'kugwada pakhomo mwaulemu wonyenga uja.

"Alamu, musatiyese ankhanza. Maliro akamadzilira okha munthu asanafe, ndiye kuti kwanu akukufunani. Mkamwini amakagona kwawo. Bola mupite mukupuma. Solomoni abwera ndi ngolo yake Loweruka kudzakutengani."

"Ku Ntchisiko ndikapeza ndani? Abale anga onse ali kumanda."

"Ndiye simukasowatu anthu," anatero a Veronika, maso ali pa malata a nyumba.

Lachisanu kulira kutayamba, a Elifala anadzuka. Anati ngati ndi imfa, aione kumaso, iwauze chifukwa chimene ikusokoserera pakhomo pa eni. Anatenga ndodo n'kutulukira khomo lakuseri. Kunali mdima wa ndiweyani, udzu wonyowa ukuwakwapula m'miyendo. Pamene ankayandikira, mawu aja anayamba kumveka ngati chilankhulo. Anaima. Mzimuwo unkati, "Bebi, bebi, wandisiyiranji pa depoti."

M'chigafa munkaphethira kakuwala kobiriwira. Pa ndowa yovundikira panakhala munthu, mapewa akugwedezeka, atakumbatira sipika ngati khanda. A Elifala anamumenya ndodo ya pamsana.

"Mayo! Musandiphe, madala! Ndine Isake!"

Isake Mbalame, mwana wa kutsidya kwa dambo, anakhalapo zaka zisanu mu sewero la pa TV ku Lilongwe. Ankasewera nkhalamba youmira, ndipo kayendedwe kake, katsokomoledwe kake, ngakhale kamangidwe ka thalauza ndi luzi, zonse anaba kwa a Elifala. Mponela yense anaseka, koma Isakeyo zikomo sanabwere nayo. Eni sewero atamupha m'nkhanimo, anabwerera kumudzi n'kujambula yekha chimbale cha nyimbo khumi ndi ziwiri, pa foni, atadzifunditsa bulangeti, ndi kiyibodi yobwereka kutchalitchi. Anyamata oika nyimbo m'mafoni ku Mponela anayesa kuzipereka ulere, anthu n'kumabwerera kuti azifufute.

"Kunyumba mayi a Hope anandiletsa, akuti nkhuku zasiya kuikira," anatero Isake akusisita msana. "Lolemba ndinangobwera kudzamvera ndekha. Kenako ndikuona anthu akusonkhana. Madala, anthu makumi anayi, ali chete, akumvera nyimbo zanga! Ena akulira!"

"Akulira ine, chitsiru iwe!"

"Eya, komabe amafika nazo mpaka kumapeto."

A Elifala anakweza ndodo kachiwiri, kenako anaitsitsa. "Mawa m'mawa ubwere nacho chinthu chakocho pabwalo panga. Ukapanda kubwera, ndikauza anthu kuti ndakupeza ukuvina wamaliseche kumanda."

Loweruka ngolo inafika dzuwa litangotuluka, ng'ombe ziwiri zonenepa, Solomoni ali ndi chikwapu. Mudzi wonse unabwera kudzaperekeza. A Elifala anatuluka atagwira Isake pakolala.

"Mzimu wanu ndi uwu. Yatsa."

Isake anayatsa. Du, du, du. Amayi amene analira masiku asanu anayang'ana pansi. Mkulu wina anafunsa ngati woimbayo analandira thandizo kuchipatala.

A Veronika okha sanagwedezeke. "Zilibe kanthu. Chifuwa chikadalipo, ngolo yabwera kale. Solomoni, kweza katundu."

"Isake," anatero a Elifala, "pa nyimbo zakozo, imene umainyadira kwambiri ndi iti?"

"Yachisanu ndi chiwiri, madala. Ndinakweza mawu ngati mkazi."

"Ika imeneyo. Utsegule mpaka kumapeto."

Mawu aja atafika pamwamba pake, ng'ombe zinaimika makutu, zinaimika michira, n'kuliyatsa liwiro ndi ngolo yomwe, kudutsa pakati pa fodya wa a Veronika mpaka kukatitimira kudambo. Anazitulutsa madzulo ndi zingwe. Solomoni analumbira kuti ng'ombe zake sizidzapondanso pabwalo limenelo, ndipo wina aliyense wa ngolo atamva anakana.

A Elifala akadali m'nyumba yawo, chifuwa chinapola chokha. Koma palibe chabwino chimene munthu wosauka amalandira chopanda minga. Isake amauza aliyense kuti wapeza munthu womvetsa luso, ndipo masana alionse amafika ndi sipika yake. Nkhalambayo imakhala naye pakhonde, thonje lili m'makutu, ikutukwana chamumtima. Ikangoona duku la a Veronika likutulukira pa kanjira, imamugwira mnyamatayo pabondo.

"Yachisanu ndi chiwiri ija, mwana wanga. Ibwereze."