Mayina Amene Tuhin Anagulitsa

Pakhomo pa mayi Jhorna m'tauni ya Gazipur panali posauka, koma paulemu. Mayiwa anasoka makolala a malaya m'fakitale zaka makumi awiri, mpaka maso kuchita chidima, kuti mwana wawo Tuhin aphunzire. Anaphunziradi, n'kulembedwa ukalaliki mu ofesi ya fakitale yomweyo. Basitu mwana anayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba.

Maoda a malaya atasiya kubwera, fakitale inatsekedwa. Boma linalonjeza kuti aliyense wochotsedwa ntchito azilandira ndalama zakumeneko zokwana mataka 3,000 pamwezi kudzera pafoni, ndipo wolemba mayina ndi manambala a foni anali Tuhin.

"Mwanangu, cholembera chakocho chanyamula mimba za anthu," anatero mayi ake. "Usachikhotetse."

"Amayi, za mu ofesi tisiyireni ife."

Dulal, mkulu wa anyamata ovuta a m'deralo, anamuitanira tiyi.

"Bwana kalaliki! Uziyenda wapansi mpaka liti? Azimayi ambiriwa analowa ntchito ali ana, ndi ziphaso zobwereka kwa abale awo. Dzina la m'buku si lawo, ndiye akadandaula kwa ndani? Mayina uwasiye momwemo, ungoikapo manambala a anyamata anga. Theka n'lako."

"Nanga zikaululika, achimwene?"

"Wakuba ndi amene wagwidwa. Imwa tiyi, akuzizira."

Tuhin anasankha mayina makumi anayi a antchito akale amene sankawadziwa, n'kusintha manambala. Mwezi wachiwiri anagula njinga yamoto. Ankadutsa nayo pageti la fakitale pomwe azimayi ankakhala tsiku lonse, maso ali pamafoni osalira, ena eninyumba atawatulutsira kale katundu panja. Iye osacheuka n'komwe. Dyera silimva chisoni.

Tsiku lina masana anapeza mayi ake akumanga zovala m'nsalu.

"Ndalama zanga sizinabwere," anatero mayiwo. "Ndakafunsa, andiwerengera nambala yachilendo."

"Koma dzina lanu sindinalikhudze ine!"

"Unaliona kuti? M'bukumo Jhorna mulibe. M'fakitale ine ndine Rokeya Khatun. Ndinabwereka chiphaso cha msuweni wanga ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, iwe ukuyamwa, kuti usafe ndi njala. Ngakhale kufufuza ngati mayi ako alimo, sunafufuze."

Tuhin anagwada. "Ndikubwezerani zonse, amayi, lero lomwe!"

"Ine wandibwezera. Nanga enawo alibe ana?"

M'mawa mwake mayi Jhorna anatsogolera azimayi aja kupolisi. Anayamba n'kuulula za chiphaso chawo chobwereka, kenako anatchula mwana wawo, misozi ili mbwembwembwe. Atatero anakwera basi yakumudzi. Dulal analumbira kuti Tuhin sanamuonepo chibadwire. Tuhin analowa m'ndende yekha, ndipo palibe anamubweretserako ndi mpunga womwe.

Achinyamata, mukapatsidwa udindo wogawa thandizo la ochotsedwa ntchito, musabe. Dzina lililonse limene simukulidziwa ndi mayi wa munthu wina, ndipo mwina ndi wanu.