Kaphokoso ka mu Injini Yakale

Pamene Makaniko ankatuluka pa yadi yogulitsira zitsulo za galimoto zakufa, minibasi yomaliza inali itapita kalekale. Mlonda anatseka geti kumbuyo kwake uku akuyasamula mokweza, kuti amve kuti anthu anzeru ali kale m'mabulangete. Makaniko anangoyamba ulendo wapansi. Msana unkawawa, m'maso munali ngati mwathiridwa mchenga, ndipo njala inali itafika poleka kuluma.

Chomutopetsa chonchi chinali galimoto ya malemu bambo ake, ija ya mphuno yaitali ndi nyali zozungulira, imene inakhala zaka zambiri pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Tsiku lina pakamwa panamuterera, n'kulonjeza mwana wake wamkazi kuti pa ukwati wake adzamunyamula pa galimoto ya agogo akeyo. Mwanayo anakhulupirira, mpaka kuuza anzake onse. Walira mvula walira matope. Utoto anapaka, mipando anasoketsa, matayala anagula, koma atatsegula injini anapeza kuti inang'aluka moti ngakhale wowotcherera anangoseka. Apa n'kuti ukwati uli pakhomo.

Pa yadipo panali mainjini awiri oti asankhepo. Ina inali ya galimoto za masiku ano, yolira mwaulemu, yosamwa mafuta. Koma kuti ikwane pankafunika kudula zitsulo zimene bambo ake anazisiya zathunthu, ndipo Makaniko anali atalumbira kuti chodulira sichidzakhudza galimoto imeneyo iye ali moyo. Inayo inali pakona, yofunditsidwa lona. Inali ya mtundu umodzi ndi ya bambo ake ija, mabawuti ake olowa m'mabowo popanda kukakamiza. Mwini yadi, amene aliyense ankangomutcha Madala, anaivundukula monyinyirika, n'kupita kukaima patali.

Makaniko analumikiza batire, anathira tipetulo, injiniyo inalira. Kunali kulira komwe kuja kumene ankakumva ali mwana, bambo ake akamafika madzulo. Misozi inalengeza m'maso. Kenako anachita zimene makaniko aliyense amachita: anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injini, chogwirira pakhutu. Pansi penipeni anamva kaphokoso. Go... go... go... ngati mlendo wamanyazi akugogoda pachitseko. Anakamva bwinobwino, asaname. Koma kutopa kulinso ndi malangizo ake. "Yangokhalitsa iyi, ikatentha kasiya. Ndidzakaona ukwati ukatha," anadziuza. Anapangana ndi Madala kuti adzaitenga m'mawa.

Ndiye uyo mumsewu, akukoka miyendo. Anadutsa magolosale otseka, anadutsa pomwetsera mafuta pamene wogulitsa ankagona chokhala. Nyali za mumsewu zinathera pa mtunda, ndipo kutsika apo kunali mdima wokhawokha mpaka pa mlatho.

Pakati pa mlathowo panaima munthu. Anali atavala ovolosi, atatsamira zitsulo za m'mbali, akuyang'ana m'madzi ngati wagwetsamo kanthu. Makaniko anayamba wamva fungo asanaone nkhope: fungo la oyilo wopserera.

"Zikomo, achimwene," anatero podutsa.

Munthuyo sanatembenuke.

Makaniko anapitirira. Mtima unayamba kumuuza kuti afulumire, koma miyendo inakana. Kenako kumbuyo kwake kunamveka mawu otsika, otopa kuposa ake.

"Mwaimvera ndi sikuludiraiva?"

Anaima. Pa yadi paja, nthawi imene ankamvetsera, panalibe wina pafupi.

"Mukuti bwanji, bambo?"

"Nanenso ndinakamva. Ndinati ndidzakaona mawa."

Tsitsi linamuima. Anacheuka pang'onopang'ono. Munthu uja anali akadali chiweramire. Ovolosi yake inali yonyowa, madzi akudontha m'miyendo, pamene mvula inali isanagwe kwa miyezi. Dzanja lake lamanja linali pa chitsulo. Linalibe chala chachikulu. Ndipo linayamba kugogoda.

Go... go... go...

Kaphokoso komwe kaja! Osafulumira, osachedwa. Komwe kaja!

Makaniko anafuna kukuwa. Anafuna kuthawa. Koma anangoima pomwepo.

"Mwana wanu," anatero munthuyo, maso akadali m'madzi, "amakonda kukhala kutsogolo?"

Mphepo inawomba kuchokera kumtsinje. Makaniko anaphethira kamodzi kokha. Pa mlatho panalibe munthu! Panangotsala kachithaphwi pansi, ndi chitsulo chikunjenjemerabe...

Momwe anafikira kunyumba sakudziwa mpaka lero. Mkazi wake anatsegula chitseko ali ndi mawu okonzeratu. "Abambo, mungotiuza ngati mwaikwatira galimoto ija, tikupatseni bulangete muzikagona nayo." Koma ataona nkhope yake anameza otsalawo. Pabalaza, pa msomali wa kuchitseko, panapachikidwa diresi la ukwati litakutidwa ndi pulasitiki. Makaniko anakhala pampando moyang'anizana nalo, nsapato zili kuphazi, mpaka kunja kunayera.

Madala anafika pa yadi n'kumupeza atakhala kale pa geti.

"Iii, mwalawirira injini ngati ikuthawa? Anyamata akukwezerani pompano."

"Madala, injini imene ija inachoka m'galimoto ya ndani?"

Madala anakanda m'mutu, anayang'ana kupakona kuja, kenako pansi.

"Ndinadziwa kuti mudzafunsa. Aliyense amene amaifuna amabwera m'mawa mwake ndi funso lomweli, n'chifukwa chake ikadali pano. Inali ya makaniko mnzanu, katswiri, koma wosapuma. Fanibeluti, lamba wa pa injini uja, inamudya chala chachikulu ali mnyamata. Tsiku lina ali pa liwiro pa mlatho uja, injini inagwira mwadzidzidzi, matayala a kumbuyo anaima, galimoto inathyola zitsulo n'kugwera m'madzi. Ine ndinagula zotsala. Ndinaitsuka, ndinaimasula mpaka inazunguliranso, koma kuitsegula m'kati mtima unakana."

"Zinachitika liti?"

"Kale, achimwene. Mlonda wanga uja n'kuti ali pasukulu."

Funso lomaliza linali lolemera, koma Makaniko analifunsabe.

"Anali yekha?"

"Ayi. Iyeyo anamuvuula tsiku lomwelo atafa kale. Koma mwana wake wamkazi, amene anakhala naye kutsogolo, sanapezeke mpaka lero."

Makaniko anayenda kupita pakona paja, anagwira lona n'kuifunditsanso injiniyo bwinobwino, m'mbali monse, monga amafunditsira munthu. Chisoni chinamugwira, cha mnzake wosamudziwayo, ndi cha bambo ake amene galimoto yawo sidzaliranso ngati kale.

"Ndikwezereni yatsopano ija," anatero. "Mundibwerekenso chodulira zitsulo."