Kambalame ka Phiko Limodzi

Mnyamatayo analowa m'shopu ya matelala Lachiwiri m'mawa, jekete ili m'manja, thumba lake litang'ambika. Anati isokedwe msanga chifukwa mawa lake amakaonekera nayo ku ofesi yopereka zilolezo zopitira kunja. Achemwali anali atapita kukagula ulusi, ndiye anamulandira ndi Mzime, wamng'ono mwa atsikana awiri amene malemu mayi awo anawasiyira shopuyo.

Mzime akupalasa makina, mnyamata uja sanakhale pa benchi ngati anthu ena. Anatola chikwama cha ana asukulu pa mulu umene unali patebulo, n'kuchitembenuza, n'kuyamba kupapasa kachizindikiro kosokedwa pakona: kambalame kofiira ka phiko limodzi.

Atsikana inu, mwamuna akayamba kuyang'ana katundu wako asanayang'ane nkhope yako, uzimuopa. Koma amamva ndani?

Anafunsa kumene kunapita phiko linalo. Mzime anamufotokozera kuti tsiku limene mayi awo ankasoka kambalame koyamba, ulusi wofiira unawathera, n'kungokasiya choncho. Kenako makolo anayamba kumafunsa chikwama cha kambalame kaja, chosaduka malamba. Zaka makumi awiri zinapita, kambalameko n'kumadyetsa banja lonse.

"Ndiye phiko linalo ndine," anatero mnyamatayo. "Mwandidikira nthawi yaitali, pepani."

Mzime anadzibaya singano pa chala.

Mnyamatayo anzake ankamutcha Loya, ngakhale anali asanaimepo m'khoti. Kunjako amakaphunzira malamulo a zizindikiro za malonda, aja oletsa munthu kutenga dzina kapena chojambula cha mnzake n'kumagulitsira zake. Milungu itatu imene inatsala asananyamuke, ankabwera tsiku lililonse, lero batani, mawa zipi. Achemwali anafika pofunsa ngati mabatani a Loya amagweluka ngati mano a mwana. Atatsala awiri anamuuza mng'ono wawo kuti lilime la munthu ameneyu ndi loterera kuposa mafuta a makina. Mzime anangoti achemwali ndi ansanje.

Ndege itapita naye, foni ya Mzime sinapumenso.

"Wapamtima, kuno kukuzizira zoopsa, koma ndikakukumbukira ndimavula juzi."

"Kanyenyezi kanga, anzanga akuloweza mabuku, ine ndikuloweza iwe."

"Ndikangolandira pepala langa, chala chako sichikhalanso chopanda mphete. Ndalumbira."

Ankawerenga mauthengawo foni itabisidwa pansi pa nsalu, mpaka tsiku lina anasoka thumba la chikwama chadodolido. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, akuluakulu sananame.

Patapita miyezi inayi, Loya anapempha zithunzi za kambalame. Chapafupi, chakumbuyo, china atayikapo tepi yoyezera, ndi nambala ya ulusi wofiirawo. Anati ndi za ntchito ya kusukulu, aphunzitsi ake akasangalala. Mzime anajambula zonse, akunyadira poganiza kuti dzanja la mayi ake likaonedwa ndi anthu ophunzira a kutsidya kwa nyanja.

Kenako anamuimbira ndi mawu a munthu wodandaula. Anati tsiku limenelo aphunzira zoopsa: chizindikiro chosalembetsa ku boma chili ngati nkhuku yogona panja, aliyense akhoza kuchitola. Anati iye sangalole kuti mkazi wake wam'tsogolo aberedwe iye akuona. Atumiza pepala, Mzime angosaina pamene pali mtanda, zina zonse ayendetsa yekha. Laisensi ya shopu inali m'dzina la Mzime, poti ndiye anapita patali ndi sukulu, choncho dzanja lake linali lokwanira.

"Achemwali usawauze," anatero. "Tidzawadzidzimutsa ndi satifiketi tsiku limene ndidzakuveke mphete."

Mzime anakasindikiza pepalalo pa kashopu ka fotokope kuseri kwa msewu. Masamba atatu, zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Anawerenga mzere woyamba, wachiwiri, n'kufika pa mawu amene sanawaonepo chibadwire. Akanatha kufunsa. Foni inali m'manja. Koma mkazi wa loya angafunse bwanji tanthauzo la mawu? Si adzaoneka mbuli? Bambo wa fotokope anali atamuyang'anitsitsa, cholembera chili m'manja kuti asaine ngati mboni. Mzime anagwedeza mutu ngati wamva zonse, n'kusaina katatu.

Pepala si chinthu choseweretsa, ana inu. Silikalamba, siliiwala, ndipo silimva kulira.

Kuchokera pamenepo mauthenga anayamba kuonda. Mayeso, mayeso, mayeso. Mzime akalemba mizere khumi, yankho limabwera mawa lake: "Ndakusowa, mwana." Iye n'kumakhutira ndi zomwezo.

Kalata inafika masana ena ndi munthu wa njinga yamoto, ndipo anaitsegula ndi achemwali. Inachokera kwa maloya a kampani ina yosoka zikwama. Inati kambalame kofiira ka phiko limodzi ndi chizindikiro cholembetsedwa cha kampaniyo, ndipo shopu ileke kukagwiritsa ntchito pasanathe masiku khumi ndi anayi. Achemwali anaseka mpaka kugwira tebulo. Atawerenganso kachiwiri analeka kuseka, n'kuvula epuloni. Ankadziwa mayi wina loya amene ana ake onse anaphunzira atabereka zikwama zawo.

Ali pa mipando yodikirira ku ofesi ya mayiyo, Mzime anatumizira Loya uthenga. Nthawi imeneyi yankho silinachedwe.

"Wapamtima, zimenezo ndi za mapepala chabe, usazitengere kumtima. Ndidzakufotokozera."

Mayi loya anawalandira bwino. Anati pakanakhala kalata yokhayo, mlanduwu ukanakhala wophweka, chifukwa tauni yonse ndi mboni kuti kambalameko ndi ka shopu yawo. Koma kumbuyo kwa kalatayo kunali masamba ena atatu. Anawayala patebulo. Anati pepala ili likunena kuti mwini shopu anapereka chizindikirocho mwa kufuna kwake, ndi mbiri yake yonse, kwa mnyamata wakutiwakuti, ndipo iyeyo anachipititsa ku kampani.

Anatembenuza kompyuta kuti aone eni kampaniyo. Panali chithunzi. Loya atavala suti, dzanja lake lili m'chiuno mwa mtsikana wamtali, mwana wa mwini fakitale. Pa chala cha mtsikanayo panali mphete.

Mzime anamva ngati wavulidwa pakati pa msika.

"Mbava imeneyi yabera siginecha," anatero achemwali. "Mng'ono wanga ndi wophunzira, mayi. Sangasaine chinthu cha mayi athu osandiuza. Ameneyu ndinamulera ndekha."

Mayi loya anati ngati ndi choncho, nkhani yasanduka ya apolisi, ndipo kambalame kabwerera kwa eni ake. Koma dzanjalo likakhala lenileni, njira ndi yaitali, ndipo iwo sangalonjeze kanthu. Anavula magalasi n'kuyang'ana Mzime.

"Chemwali, mukhoza kukalumbira m'khoti kuti ili si dzanja lanu?"

Maso a Mzime anagwera pa masamba atatu aja. Liwu limodzi lokha, "inde", likanabweza zonse. Achemwali akanapitiriza kumuona ngati mwana wanzeru. Koma nanga bambo wa fotokope, amene dzina lake linali pamunsi pomwepo? Nanga mauthenga ake omwe, aja analemba kuti "ndasaina, mwamuna wanga, ndine wako ndi zonse zanga"? Kodi zimenezo sizidzawerengedwa mokweza pamaso pa anthu?

Anayang'ana nsapato zake.

"Ndi dzanja langa."

"Wati chiyani?"

"Ndinasaina ndine, achemwali. Sindinawerenge. Ndinachita manyazi kufunsa."

Achemwali sanakuwe. Akanakuwa zikanapepukako. Anathokoza mayi loya mwaulemu, n'kupinda kalata ija kanayi, n'kutsogola. Njira yonse Mzime ankayenda pambuyo ngati wantchito, akuona msana wa munthu amene anasiya sukulu kuti iye apitirize.

Atafika, foni inalira. Loya. Mzime anaiyang'ana ikuwala mpaka inaleka yokha. Akanamuuza chiyani? Wakuba anali Loya, inde, koma chitseko anatsegula ndani?

Patebulo panali zikwama makumi asanu ndi limodzi zoti zipite ku sukulu ina Lolemba, chilichonse ndi kambalame kake pakona. Achemwali anaima n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakoka makina awo, miyendo yachitsulo ikulira pa simenti, n'kuwatembenuza kuti ayang'ane kukhoma. Anatsegula dirowa, n'kutulutsa lezala, n'kuliyika pafupi ndi dzanja la Mzime osamuyang'ana.

"Ukamatumbula ulusi wa kambalameko usang'ambe nsalu," anatero. "Nsaluyo ndiye idakali yathu."