Kadontho Watafuna Chitenje cha Amai

Ennie amakhala ku Kalindawalo. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ali ndi galu wamng'ono. Dzina lake ndi Kadontho. Kadontho ndi woyela, koma ali ndi dontho lakuda pamphuno.

Ennie ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti amai ake abwele kunyumba.

Amai anapita ku Nyimba. Anapita kukathandiza mng'ono wao kugulitsa nthochi pamseu. Ku Nyimba ndi kutali. Amai anati adzabwela thonje likatha. Anasiya chitenje chao chobiliwila. Ennie ankafunda chitenjecho. Chinkanunkhila sopo wa amai.

Kale Kadontho ankakhala ndi amai tsiku lonse. Amai akasesa, iye ali pambuyo. Amai akachapa, iye ali pambuyo. Tsopano pakhomo panalibe munthu. Atate ankalawilila kumunda kukathyola thonje. Ennie ankapita kusukulu. Kadontho ankamutsekela m'nyumba, chifukwa ankathamangitsa anapiye a eni ake.

Lolemba Ennie anabwela kuchokela kusukulu. Anatsegula chitseko. Mphasa inali zidutswazidutswa. Kadontho anali atatafuna mphasa. Atate anangopukusa mutu.

Lachiwili Ennie anatsegula chitseko. Chubu cha njinga chinali pansi. Chinali ndi maboowo ambili. Kadontho anali atatafuna chubu. Atate anakalipa. Anati njinga imeneyo ndiyo imanyamula thonje.

Lachitatu Ennie anatsegula chitseko. Anaona nsanza pansi. Nsanzazo zinali zobiliwila. Kadontho anali atatafuna chitenje cha amai.

Ennie anatola nsanza imodzi. Anatola inanso. Kadontho anabwela akugwedeza mchila. Ennie anamukankha ndi phazi.

Atate anabwela madzulo. Anaona nsanza zija. Anayang'ana Kadontho.

"Galu uyu watikwana," anatelo atate. "Loweluka la mulungu wamawa ndikamusiya ku Msanzala. Amalume ako akufuna galu."

"Mukamusiye, Atate," anayankha Ennie. "Ine sindimufunanso."

Tsiku limenelo Ennie sanamupatse Kadontho chakudya. Atate ndiwo anamupatsa. Ennie sanamuitane. Sanamuyang'ane. Anafunda bulangete lokha. Bulangetelo silinkanunkhila amai.

Lachinai Kadontho anamunyambita mwendo. Ennie anachotsa mwendo wake. Kusukulu sanasewele ndi anzake. Mtima wake unali wowawa.

Lachisanu ana anaweluka msanga. Aphunzitsi anali ndi msonkhano. Ennie anayenda yekha kubwelela kunyumba. Asanafike, anamva kulila. Kunali kulila kwa galu. Kunali kulila kosalekeza.

Ennie anayenda monyang'ama. Anasuzumila pamng'alu wa chitseko. Anaona Kadontho akuzungulila. Kadontho anakanda chitseko. Analila. Anakandanso chitseko. Analilanso. Mau ake anali atasasa.

Kenako Kadontho anakwawila pansi pa bedi. Anatulutsa nsanza imodzi yobiliwila. Inali itatsala pomwe Ennie ankasesa. Anagona nayo pansi. Anabisa mphuno yake m'menemo. Anaitafuna pang'onopang'ono. Ndipo anasiya kulila.

Ennie anakhala pansi pakhonde. Misozi inatsika. Naye ankabisa mphuno m'chitenje chomwecho.

Anatsegula chitseko. Kadontho anaopa. Anapinda mchila. Ennie anamunyamula.

"Nawenso ukuwafuna amai," anatelo Ennie.

Madzulo Ennie anafotokozela atate zonse. Anawauza za kulila. Anawauza za chitseko. Anawapempha kuti asamupeleke Kadontho.

"Si iwe unati sumufuna?" anafunsa atate.

"Ndinalankhula ndi mkwiyo, Atate."

Atate anati mau ao sanasinthe. Anati patsala mulungu umodzi. Galu akapitiliza kuononga, apita ku Msanzala.

Ennie anayamba ntchito. Anasonkhanitsa nsanza za chitenje. Anazipota ngati chingwe. Anamanga mfundo zitatu. Sanasunge nsanza ngakhale imodzi. Zonse anapatsa Kadontho. Kupeleka kunali kowawa, koma anapeleka.

Anapempha fupa lalikulu kwa a Mwanza, amene amapha mbuzi pamsika. A Mwanza anamufunsa msinkhu wa galuyo. Anati galu wotele mano amamuyabwa. Anati ayenela kukhala ndi chake chotafuna. Anamupatsa fupa la mwendo.

Ennie anachotsa zinthu pansi. Nsapato anaika pamwamba. Mabuku anaika pamwamba. Pampu ya njinga anaika pamwamba.

Lolemba anadzuka m'mamawa. Anathamanga ndi Kadontho mpaka kumjigo. Anathamanga pobwelela. Kadontho anatopa. Ennie anamupatsa fupa ndi chingwe. Anatseka chitseko. Anapita kusukulu.

Masana anatsegula chitseko. Fupa linali lotafunidwa. Chingwe chinali chotafunidwa. Koma mwendo wa mpando nawo unali wotafunidwa. Unali mpando wa atate.

Ennie sanabise. Anawaonetsa atate mpandowo. Atate anagwila mwendo wa mpando. Ennie anadya pang'ono chabe.

Lachiwili Kadontho anatafuna tsache. Lachitatu anatafuna m'mphepete mwa chitseko. Masiku anali kutha.

Ennie anaganiza kwambili. Fupa linalipo. Chingwe chinalipo. Chimene chinalibepo chinali munthu.

"Atate," anatelo Ennie, "Kadontho saononga tikakhalapo. Amaononga akatsala yekha. Mupite naye kumunda."

"Kumunda kuli ntchito. Kulibe masewela."

"Mukamumangilila pamtengo wa mango. Azikangokuonani basi."

Atate anakana. Ennie anapemphanso. Atate anakananso. Ennie anapempha kachitatu. Atate anausa moyo. Anati ayesa tsiku limodzi lokha.

Lachinai atate anatenga chingwe chachitali. Ennie anaika fupa m'thumba. Anaika ndi botolo la madzi. Atate anatsogola. Kadontho anatsatila.

Kusukulu Ennie sanamve bwino masamu. Ankangoganiza za kumunda.

Madzulo atate anafika. Kadontho anali pambuyo pao. Anali ndi thonje kumakutu. Ennie anafunsa ngati waononga kanthu. Atate anati anagona pamthunzi. Anati anatafuna fupa lake. Anati anauwa mbuzi zimene zinafuna kulowa m'munda.

Lachisanu atate anapitanso naye. Ennie sanapemphe. Anamutenga okha.

Loweluka linafika. Ennie anadzuka ndi mantha. Atate anatulutsa njinga. Anaipopa. Ennie anakumbatila Kadontho mwamphamvu.

Atate anamanga matumba opanda kanthu panjinga. Anamanganso botolo la madzi.

"Tiyeni, nonse awili," anatelo atate. "Thonje silidzithyola lokha."

Anapita kumunda atatu. Ennie anathyola thonje mzele umodzi. Atate anathyola mizele inai. Masana anakhala pansi pa mtengo wa mango. Anadya mbatata zootcha.

Foni ya atate inalila. Anali amai. Ennie anawauza za chitenje. Amai anati chitenje chinali chakale. Anati patsala milungu itatu kuti abwele.

"Nanga Kadontho ali kuti?" anafunsa amai.

Atate anayang'ana pansi.

"Ali pompano," anayankha atate. "Wagona paphazi langa. Sindingathe kuimilila."