Nkhope za pa Mbatatesi

Anakumana pa siteji ya makombi ku Karoi, tsiku limene thumba la Tawina linang'ambika. Mbatatesi zinagubuduka mpaka pansi pa lole ya fodya, ndipo mnyamata wina wamtali anakwawa n'kuzitola zonse.

"Ndine Nason," anatero akusasa fumbi. "Ndimasankha fodya pafamu yoyandikana ndi yanu. Tsamba labwino ndimalidziwa ndikangoliona kamodzi. Mkazinso chimodzimodzi."

Tawina anaseka. Mawu otchipa, koma anagula!

Miyezi isanu ndi itatu inadutsa foni ikulira m'mawa uliwonse: "Mudiwa wanga, wokondedwa wanga, dzuwa latuluka, koma kwa ine sikunache mpaka ndikuone."

Funso lalikulu Tawina analifunsa msanga. Bambo ake, mkulu wa mpingo pakomboni, ananeneratu kuti mwana wawo sadzakwatiwa ndi munthu wa gule wamkulu.

"Nason, unalowa gule?"

"Ine? Ngakhale ng'oma sinditha kuimba, shuga wanga. Ndikulumbira, sindidzakunamiza."

Kumapeto kwa Okutobala, madamu a pafamu pomwe Tawina ankagwira ntchito m'khitchini anakonza phwando la ana, lija amavala ngati mizukwa. Anafuna mbatatesi zosemedwa nkhope zoopsa, zokazinga m'mafuta. Tawina anayesa khumi. Zonse zinatuluka zikumwetulira ngati makanda okhuta.

Masana a tsiku la phwandolo, Nason anamupeza kuseri kwa khitchini atagwira tsaya.

"Bweretsa kampeniko, mtima wanga."

Anasenda, anadula pakati, kenako dzanja lake linayamba kuthamanga lokha. Maso opyapyala ngati ong'ambidwa ndi lumo, makwinya atatu pachipumi, mano awiri otuluka. Chithunzi chimene madamu anapereka sanachiyang'ane n'komwe. Beseni litadzaza anathamangira kuntchito, n'kumusiya Tawina mtima utafufuma. Ndani wina pakomboni ponse anali ndi mwamuna wotere?

Ananyamula beseni kupita nalo kwa Sekuru Sebastiao, mkulu wa ophika, amene anali atatenthetsa kale mafuta. Mkuluyo anasuzumira. Anavula chipewa chake choyera, n'kuphula poto.

"Wasema ndani?"

"Chibwenzi changa, Sekuru!"

"Izi sizilowa m'mafuta, mwanawe. Ana sangatafune nkhope izi akuseka."

Tawina anayang'ananso. Makwinya atatu aja, mano aja... anaziona kuti? Anakumbuka. Pamaliro a chaka chatha, chilombo cha gule chikuvina pabwalo fumbi kobo, iye akusuzumira kuseri kwa shedi ya fodya. Dzanja lingaloweze bwanji nkhope imene mwini dzanja amati sanaiyandikirepo?

Sekuru anatenga mpeni. Anadula nkhope zonse n'kuzisandutsa tchipisi wamba. Tawina anasemanso makanda ake omwetulira, misozi ikudonthera m'makoko. Ana anadya zonse, madamu anamuyamikira, koma iye sanamve kanthu.

Analemba meseji: "Pakamwa pako panalumbira. Dzanja lako lakuulula."

"Mudiwa, ndinaopa kukutaya!"

"Wanditaya ndithu."

Masabata awiri foni inalira yosayankhidwa. Kenako Nason anamudikirira pamjigo, maso ali gwa pansi.

"Ndikhululukire. Ukafuna ndisiya zonse."

"Ndani wati usiye?" Tawina anatula chidebe. "Agogo anga anachoka ku Dedza atasenza ng'oma, ukuganiza sindidziwa? Chandiwawa si gule. Uli ndi manja otere, koma ukuwabisa ngati katundu wakuba! Ine sindikwatiwa ndi mwamuna wochita manyazi ndi kwawo."

Anasenza madzi ake n'kumapita, khosi lili chilili, mtima ukulira. Bwanji ngati sabweranso?

Lamlungu, anthu atangotuluka m'tchalitchi, Nason anatulukira pakhomo pa makolo a Tawina ndi amalume ake. Mwambo umati mkamwini akhale chete, akulu alankhule. Koma amalume asanatsegule pakamwa, iye anagwada pafumbi, komboni yonse ikuonerera.

"Ababa, ndinalowa gule ndili wamng'ono, monga bambo anga ndi agogo anga. Zoposa apa sindinganene. Mwana wanu ndinamunamiza, inu sindikunamizani. Ndikumufuna."

Bambo a Tawina anatseka Baibulo pang'onopang'ono, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Wamva zimene wanena munthuyu. Lamulo langa ukulidziwa. Iwe ukuti bwanji?"

Mawu a Tawina anatuluka owongoka.

"Ndamva, Ababa. Akanatha kukunamizani monga anandinamizira ine, mukanamulandira ndi nkhuku. Wasankha kugwada apa. Ndi yemweyu."

Mkuluyo anayang'ana Nason, anayang'ana anthu, anapuma mpweya wautali.

"Ndiye waimiranji, Tawina? Tenga mpando, amalume ake asapse ndi dzuwa."

Tawina anatuluka ndi mpandowo ataunyamula m'mwamba ngati chikho cha mpira. Akubwerera m'nyumba, foni inanjenjemera m'thumba.

"Mkazi wanga, paukwati wathu mbatatesi ndidzakonza ine."

Anapukuta misozi n'kuyankha: "Iwe udzangosenda. Nkhope ndidzasema ndekha."