Zithunzi za Atelala

Dzuwa likulowa, mphunzitsi wina wamkazi ankaanula zovala pachingwe pamene atelala anaodira pabwalo. Kwa zaka zambiri mphunzitsiyu ankajambula zithunzi pongodzisangalatsa: mbuzi, mitambo, ana ake a sukulu. Mwezi umenewo ndi pamene anayamba kulipiritsa, ndipo atelala, mayi wofatsa wosoka zovala za maukwati, anabwera ndi nkhani yokoma.

"Aphunzitsi, aliyense amene mwamujambula atavala chosoka ine, muzinditsukira chithunzi chachiwiri. Ndizipachika m'shopu, anthu aziona luso langa."

Mphunzitsi anailandira ntchitoyo ndi manja awiri.

Woyamba kujambulidwa anali mkwatibwi wa patsidya pa msewu. Sabata isanathe chichitikire ukwati, anadzuka milomo itamatirirana, osayankhula, osameza ngakhale madzi. Tsiku lachinayi anthu anakamuika m'manda. Anatsatira mkulu wa kwaya, kenako mkazi wa mwini chigayo. Osambitsa maliro ankanong'onezana kuti milomo ya malemu inali ndi timabowo tondondozana, ndipo inkanunkha ngati nsalu yopsa.

"Onsewa anajambulidwa ndi ndani?" anthu ankafunsana kumjigo.

"Kamera ija ikudya anthu."

Lachisanu masana mphunzitsi anapita kushopu ndi envelopu yatsopano. Munali chithunzi cha mng'ono wake weniweni, atavala diresi la chinkhoswe. Ali panja anamva makina akulira, koma atalowa sanapezemo munthu. Pakhoma panalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Pansi pa singano ya makina panagona chithunzi cha mkazi wa mwini chigayo, milomo itasokedwa ndi ulusi wakuda.

"Mwaona chiyani?" Atelala anali ataima pakhomo.

"Palibe, mayi."

"Tabweretsani envelopuyo."

"Ndaiwala kutsuka. Ndibwera mawa."

Atelala anamwetulira. "Pachithunzi cha mkwatibwi uja, mwana wanga, inunso mulipo. Mukuoneka pagalasi, kumbuyo kwake."

Mphunzitsi anawakankha n'kuthamanga, envelopu ataifumbatira pachifuwa. Kunyumba anaibisa pansi pa matiresi, pakuti kuiotcha ankaopa: nanga mng'ono wakeyo akapsa nayo?

Asanapume n'komwe, anamva phokoso pabwalo. Mwini chigayo anali patsogolo atanyamula chikwanje, pambuyo pake theka la mudzi.

"Tulutsani kamera, mfiti inu!"

Mwamuna wa mphunzitsiyo anatsekereza pakhomo. "Mayi, ngati mukudziwa kanthu nenani. Atipha awa!"

Mphunzitsi anatuluka. Pakati pa anthuwo anaona atelala, akulira kuposa onse, dzanja limodzi lili m'thumba la epuloni. Mphunzitsiyo anatukula chala kuti awaloze, n'kutsegula pakamwa. Pomwepo china chake chozizira chinamubaya pamlomo wam'munsi, chinatulukira wam'mwamba, n'kukoka.

Anthu anangoti zii, kudikira kuti ayankhule.